Kudya m'malo otsika mtengo a ku Malaysia: mafunso ndi mayankho

Munthu amene wangofika kumene ku Kuala Lumpur, ku George Town kapena ku Ipoh amadabwa ndi kuchuluka kwa anthu amene amadyera kunja kwa nyumba zawo m'mawa, masana ndi usiku womwe. Ambiri mwa anthuwa amakhala pa mipando yapulasitiki m'malo a m'mphepete mwa msewu, momwe chakudya chimaphikidwa iwo akuona, ndipo mtengo wake ndi woti wantchito wamba amakwanitsa tsiku ndi tsiku. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene mlendo amakhala nawo asanalowe m'malo otere, kaya wapita kukaphunzira, kukachita malonda kapena kukangocheza.

Kodi malo amenewa ndi otani, ndipo amasiyana bwanji?

Alipo amitundu ingapo, ndipo kuwadziwa kumathandiza chifukwa mtundu wa malo ndiwo umakuuzani chimene mukachipeze m'mbale. Oyamba ndi ma kopitiam, mashopu a khofi amene mwachikhalidwe eni ake amakhala nzika za Malaysia za mtundu wa Chitchaina. Kopitiam yachikale imakhala pansi pa nyumba yosanja ya m'tauni, yotseguka kumaso, yokhala ndi mafani kudenga ndi matebulo ozungulira, ndipo mwini wake amagulitsa zakumwa, buledi ndi mazira basi. Zakudya zina zonse zimachokera kwa ophika oima paokha amene amachita lendi kamalo m'mbali mwa shopuyo, aliyense ndi ngolo yake, mbaula yake ndi chakudya chimodzi kapena ziwiri zimene amadziwika nazo.

Achiwiri ndi malo a mamak, amene amayendetsedwa ndi Asilamu a mtundu wa Chitamil omwe makolo awo anachokera kummwera kwa India. Kumeneko ndi kumene anthu a mitundu yonse amakumana, chifukwa Msilamu amadyako popanda nkhawa, mitengo ndi yotsika, ndipo ambiri mwa malowa satseka usiku wonse. Mukamva anthu akufuula pakati pa usiku m'dera lina la Kuala Lumpur, nthawi zambiri amakhala ali pa mamak akuonera mpira wa ligi ya ku England pa kanema wamkulu. Palinso warung ndi gerai, timisasa ndi timabenchi ta Amalay, mtundu wa anthu ochuluka kwambiri m'dzikoli, togulitsa zakudya za kumudzi. Kenako pali medan selera, bwalo lalikulu lofolera momwe ophika ambiri amazungulira matebulo a anthu onse, ndi pasar malam, msika wausiku umene umasuntha, lero m'dera lino, mawa m'dera lina, dera lililonse ndi tsiku lake pa sabata.

Masiku ano kuli makampani amene atsegula malo ozizira bwino m'nyumba zikuluzikulu zamalonda n'kuwatchanso kopitiam. Ndi osamalika ndipo menyu yake ili ndi zithunzi, koma mtengo umakwera, ndipo m'kuona kwanga chakudya chake sichifika pa cha munthu amene wakhala akukazinga chinthu chimodzimodzi kwa zaka zambiri.

N'chifukwa chiyani malo amodzi amakhala ndi zakudya za mitundu yosiyanasiyana chonchi?

Yankho lili m'mbiri ya dzikoli. Doko la Melaka linali likulu la malonda a zokometsera zakudya kuyambira m'zaka za m'ma 1400, ndipo Apwitikizi analilanda mu 1511, Adatchi mu 1641, kenako linagwa m'manja mwa Angerezi. M'zaka za m'ma 1800 Atchaina ambiri anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ya tini ku Perak ndi ku Selangor, ndipo pambuyo pake Angerezi anabweretsa Atamil kudzagwira ntchito m'minda ya rabara ndi m'njanji. Ambiri mwa anthuwa anali amuna amene anasiya mabanja kwawo, ogona mothithikana m'zipinda zopanda pophikira, choncho wogulitsa chakudya pamsewu ndiye ankawadyetsa. Chizolowezi chodya kunja chinamera pamenepo ndipo sichinathe ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1957.

Atchaina ochokera pa chilumba cha Hainan anafika mochedwa, ntchito zambiri zitagwidwa kale ndi anzawo, ndipo ambiri anakhala ophika m'nyumba za Angerezi. Iwowa ndiwo anadzatsegula ma kopitiam ochuluka, n'chifukwa chake mpaka lero m'mawa mumapezamo buledi wowotcha wopaka batala ndi kaya, yomwe ndi jamu ya mazira, shuga ndi mkaka wa kokonati, pamodzi ndi mazira owiritsa pang'ono chabe amene amathiramo msuzi wa soya ndi tsabola woyera. Zidzukulu za Atchaina akale amene anakwatirana ndi eni dziko ku Melaka ndi ku Penang zinabweretsa kaphikidwe kena kotchedwa Nyonya. Mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO linaika chikhalidwe cha chakudya cham'mawa cha ku Malaysia pa mndandanda wa zikhalidwe zofunika kusungidwa, makamaka chifukwa chakuti chimasonkhanitsa anthu a mitundu yosiyana pa tebulo limodzi.

Ndikalowa ndimachita chiyani? Kodi wina adzabwera kudzandilandira?

Mu kopitiam ndi mu medan selera palibe amene amakulandirani pakhomo. Pezani nokha tebulo, ndipo muyang'ane nambala imene yalembedwa pamwamba kapena m'mbali mwake. Ngati malo adzaza, si zachilendo kupempha kukhala pa tebulo limene pali kale anthu ena, ndipo kawirikawiri amavomera ndi mutu n'kupitiriza kudya. Posakhalitsa wogulitsa zakumwa amafika, ndipo m'pofunika kuitanitsa kanthu, ngakhale madzi kapena tiyi, chifukwa mwini shopu amapeza phindu lake pa zakumwazo. Malo ena amalipiritsa kandalama kochepa kwa munthu amene wakhala pa tebulo osagula chakumwa. Mukatero nyamukani muzungulire ngolo zonse, muone chimene chikuphikidwa, muitanitse, mutchule nambala ya tebulo lanu n'kubwerera kukakhala. Chakudya chikafika mumalipira pomwepo, wophika aliyense payekha. Ena amaika chikwangwani chosonyeza kuti mudzitengere nokha, ndipo pamenepo mumaima pamzere n'kudikira mbale yanu.

Pa mamak zimasiyana. Woperekera zakudya amabwera pa tebulo, mumamuuza pakamwa zimene mukufuna, ndipo mumalipira pomaliza pa kauntala. M'matauni ambiri anthu amamva Chingerezi, ndipo pamene mawu akuvuta kuloza ndi dzanja kumakwanira. Ulemu umaoneka pa kaitanidwe: mayi wachikulire wa Chimalay mumamutcha makcik, bambo wachikulire pakcik, wamkulu pang'ono kwa inu kak kapena abang, ndipo m'malo a Atchaina achikulire amatchedwa uncle ndi auntie. Pa mamak mumamva anthu akuitana kuti boss. Mawu othokoza ndi terima kasih.

Ndiyambe ndi chakudya chiti?

Yambani ndi nasi lemak, chifukwa ndicho chakudya chimene anthu a ku Malaysia amachitenga ngati cha dziko lonse. Ndi mpunga wophikidwa mu mkaka wa kokonati pamodzi ndi tsamba lonunkhira la pandan, ndipo pambali pake amaikapo sambal, yemwe ndi tsabola wosinja wokazinga ndi anyezi mpaka atada ndi kutsekemera pang'ono, mtedza wokazinga, nkhaka zodula, dzira, ndi tinsomba touma tokazinga totchedwa ikan bilis, timene munthu wokulira pa usipa sangatione tachilendo. Wotsika mtengo kwambiri amakulungidwa m'tsamba la nthochi ndi pepala, kaphukusi kosongoka pamwamba, ndipo m'mawa mumapeza timaphukusi timeneti titaunjikidwa pakati pa tebulo kuti aliyense atenge n'kuwerengetsa pomaliza. Mukamasula, fungo la tsamba lotenthedwa ndi mpunga limayamba kukufikani musanalawe. Wofuna kukhuta amawonjezerapo nkhuku yokazinga kapena rendang, nyama yophikidwa nthawi yaitali mu mkaka wa kokonati ndi zokometsera mpaka msuzi utauma. Ubwino wa nasi lemak umayezedwa ndi sambal wake, ndipo anthu amatha kuyenda mtunda wautali kutsatira wophika mmodzi pa chifukwa chimenechi.

Chachiwiri ndi roti canai pa mamak, ndipo ndi bwino kukhala pamene mungamuone wophikayo. Amatenga kampira ka ufa wokanda kamene kagona m'mafuta, amakaphwatalitsa ndi chikhatho pa tebulo lachitsulo, kenako amakanyamula ndi manja awiri n'kumakazunguza ndi kukamenyetsa pansi mpaka katapyapyala moti mungaone tebulo kudzera m'menemo. Amakapinda, amakawotcha pa chitsulo chotentha, ndipo kakapsa amakaomba pakati pa manja kuti kamasuke. Mumanyema ndi zala n'kusunsa mu msuzi wa mphodza wotchedwa dhal kapena mu curry ya nsomba. Roti telur ndi yemweyo koma muli dzira mkati.

Nanga ma noodles amene amatchuka kwambiriwa?

Char kway teow ndi ma noodles ophwatalala a ufa wa mpunga okazinga pa chiwaya chakuya pa moto waukulu, pamodzi ndi dzira, nyemba zophukira, msuzi wa soya, tsabola, tinkhanu ta m'nyanja totchedwa udang ndi nkhono zazing'ono za m'nyanja. Wophika wabwino amakazinga mbale imodzi kapena ziwiri zokha pa nthawi imodzi, chifukwa akachulutsa chiwaya chimazizira ndipo kafungo ka utsi kamene anthu amakafuna sikabwera. N'chifukwa chake mzere umatalika pa ngolo zotchuka za ku Penang, ndipo ena mwa ophika achikulire kumeneko amagwiritsabe ntchito makala.

Dzina lakuti laksa limasokoneza alendo chifukwa limaimira zakudya zosiyana. Asam laksa ya ku Penang ndi msuzi wowawasa wa nsomba yonyenyanyenya ndi bwemba, wokhala ndi chinanazi, nkhaka, anyezi ndi timasamba tonunkhira, ndipo mulibe kokonati. Curry laksa, imene ena amati curry mee, ndi ya msuzi wonona wa mkaka wa kokonati. Ku Kuching, pa chilumba cha Borneo, kuli Sarawak laksa yomwenso ili ndi kakomedwe kake. Woopa zachilendo angayambe ndi mee goreng, ma noodles okazinga a pa mamak, kapena kusiya ma noodles n'kutenga mpunga ndi nkhuku wa Chihainan, womwe ndi wofatsa pakamwa ndipo tsabola wake amabwera padera.

Ndaona malo amene ndiwo zayalidwa m'mabeseni ambiri. Kodi mtengo wake umawerengedwa bwanji?

Amenewo ndi malo a nasi campur, kapena a nasi kandar ngati ndi a Asilamu a Chimwenye. Nasi kandar inayambira ku Penang, kumene ogulitsa akale ankasenza mpunga ndi ndiwo pa mtengo wopingasa paphewa n'kumagulitsa kwa antchito a padoko. Mumapatsidwa mbale ya mpunga, kenako mumaloza ndiwo zimene mukufuna, ndipo mtengo umatengera zimene mwasankha. Pa nasi kandar woperekera amathira misuzi ingapo pa mpunga womwewo. Amenewo ndi kuah campur, ndipo wofuna kuti mpunga umire amati banjir. Apa ndi pamene mlendo ayenera kusamala, chifukwa masamba, dzira ndi nkhuku ndi zotsika mtengo, koma nkhanu, udang zikuluzikulu, mutu wa nsomba ndi nyama ya mbuzi zimatha kukweza bilu kuwirikiza kangapo. Funsani kuti berapa, kutanthauza kuti ndi zingati, musanalole kuti chinthu chiikidwe m'mbale mwanu. Palibe amene angakhumudwe ndi funso limeneli.

Kodi ndikonzekere ndalama zingati?

Ndalama ya dzikoli ndi ringgit, yolembedwa RM. M'zaka zaposachedwapa roti canai imodzi pa mamak wamba yakhala ikugulidwa pafupifupi RM2, kapu ya tiyi RM2 kapena RM3, ndipo mbale ya ma noodles kapena ya mpunga ndi nkhuku kawirikawiri imakhala pakati pa RM7 ndi RM12. Mitengo ikukwera chaka ndi chaka, ndipo pakati pa Kuala Lumpur ndi m'misewu ya alendo imaposa pamenepa, pamene m'matauni aang'ono imatsikirapo.

Kodi ndimalipira bwanji, ndipo kodi ndiyenera kusiya kanthu ka woperekera?

Ndalama zapamanja zimalandiridwa paliponse, ndipo ndi bwino kukhala ndi mapepala ang'onoang'ono a RM1, RM5 ndi RM10, chifukwa wophika wa pa ngolo amavutika kupeza chenje ya RM100 m'mawa. Ogulitsa ambiri tsopano ali ndi chizindikiro cha DuitNow QR cholipirira pa foni, ndipo eni dziko amagwiritsa ntchito kwambiri Touch 'n Go eWallet, koma makhadi a kubanki salandiridwa kawirikawiri pa timabenchi. Kusiya kanthu ka woperekera si chizolowezi m'malo amenewa. M'malesitilanti akuluakulu okha ndi mmene amawonjezera pa bilu 10 peresenti ya utumiki ndi 6 peresenti ya msonkho.

Sindipirira tsabola. Kodi ndikadya chiyani?

Zakudya zambiri zimabwera ndi tsabola pambali, ndiye muli ndi mphamvu yochepetsa nokha. Nenani kuti kurang pedas ngati mukufuna wochepa, kapena tak mau pedas ngati simukumufuna n'komwe. Chenjerani ndi katsabola kakang'ono kobiriwira kapena kofiira kotchedwa cili padi, kamene kamadulidwa mu kambale ka msuzi wa soya, chifukwa ndi koyabwa kuposa mmene kamaonekera. Satay, nyama yowotcha pa makala itabayidwa pa timitengo n'kudyedwa ndi msuzi wa mtedza, ndi yotsekemera kuposa kuyabwa, ndipo ana ambiri amaikonda.

Ndine Msilamu, kapena sindidya nkhumba pa zifukwa za chipembedzo. Ndidziwa bwanji poyenera kudya?

Funso ili ndi lofunika kwambiri, ndipo ku Malaysia amalitenga mozama chifukwa Chisilamu ndi chipembedzo cha boma ndipo anthu ambiri ndi Asilamu. Nthambi ya boma yotchedwa JAKIM ndiyo imayang'anira ziphaso za halal, ndipo malo amene ali ndi chiphaso amapachika chizindikiro chake poonekera. Timabenchi tambiri ta Amalay ndi malo ambiri a mamak eni ake ndi Asilamu, ndipo Asilamu anzawo amadyako ngakhale pamene chiphaso palibe. Chikwangwani chongonena kuti pamalopo saphika nkhumba sichifanana ndi chiphaso cha halal, chifukwa sichinena kanthu za kaphedwe ka nyama kapena za mowa wophikira.

M'ma kopitiam a Atchaina nkhumba imapezeka kwambiri, nthawi zina mosaonekera. Char kway teow yachikale imakazingidwa ndi mafuta a nkhumba ndi soseji ya nkhumba, msuzi wa ma noodles ambiri umawiritsidwa ndi mafupa a nkhumba, ndipo bak kut teh ya ku Klang ndi nthiti za nkhumba zophikidwa ndi zitsamba. Amalay ali ndi char kway teow yawo yopanda nkhumba, choncho simukumanidwa kanthu. Akhristu amene sadya nkhumba komanso za m'nyanja zopanda mamba ayenera kudziwa za belacan, phala louma la tinkhanu tating'ono tovunditsa, limene limalowa mu sambal wambiri ndi m'masamba okazinga ngakhale m'malo a halal. Ulemu umafunikanso mbali inayo: musalowe ndi chakudya cha nkhumba kapena mowa m'malo a Asilamu, ndipo mu medan selera imene mbale za halal zimabwezedwa pamalo ake, musazisakanize ndi zina. Mukamadya ndi Mhindu kumbukirani kuti ambiri sadya ng'ombe.

Nanga amene sadya nyama, kapena amene thupi lawo limadana ndi zakudya zina?

Osadya nyama amathandizika kwambiri m'malo a Amwenye, monga a ku Brickfields mu Kuala Lumpur ndi a m'dera la Little India ku George Town, kumene kuli thosai ndi idli, zopangidwa ndi ufa wa mpunga ndi mphodza, komanso mpunga woyalidwa pa tsamba la nthochi ndi ndiwo zamasamba zingapo. Kulinso mabenchi a Atchaina a Chibuda ophika zopanda nyama. Amene thupi lawo limadana ndi mtedza kapena za m'nyanja asamale kwambiri, chifukwa mtedza uli mu msuzi wa satay, mu rojak, yemwe ndi saladi wa zipatso kapena zokazinga, ndi mu nasi lemak, ndipo chiwaya chimodzi chimakazinga mbale za anthu onse popanda kutsukidwa pakati. Munthu amene vuto lake ndi lalikulu alembetse pa pepala m'Chimalay chinthu chimene sadya, aziyenda nalo pamodzi ndi mankhwala ake.

Kodi zakumwa zimaitanitsidwa bwanji? Mayina ake akundisokoneza.

Chakumwa chotchuka koposa ndi teh tarik, tiyi wamphamvu wothira mkaka wa kondensi. Wopangayo amagwira makapu awiri achitsulo, amakweza dzanja limodzi pamwamba pa mutu n'kutsanulira tiyi m'kapu ya m'munsi, chingwe cha tiyi chikutalika osataya dontho, ndipo amabwereza kangapo mpaka tiyi atazizira pang'ono n'kuchita thovu. Khofi wa mu kopitiam amakazingidwa ndi shuga ndi majarini, n'chifukwa chake ndi wakuda ndi wolemera pakamwa, ndipo amasefedwa m'kathumba kansalu. Khofi woyera wa ku Ipoh amakazingidwa ndi majarini wokha.

Kaitanitsidwe kake kali ndi dongosolo losavuta. Mukati kopi kapena teh basi, mulandira wothira mkaka wa kondensi. Mukawonjezera O, mulandira wopanda mkaka koma wa shuga. Mukawonjezera C, amathira mkaka wa m'chitini wosatsekemera ndi shuga. Kosong ndi wopanda shuga, ndipo ais kapena peng ndi wothira ayisi. Mawu amene ndingalimbikitse aliyense kuwaloweza ndi kurang manis, opempha kuti achepetse kutsekemera, chifukwa zakumwa zimenezi zimakhala ndi shuga wambiri zedi, ndipo matenda a shuga ndi vuto lalikulu m'dzikoli. Wofuna madzi ofunda amati air suam, ndipo limau ais, madzi a mandimu ozizira, amathandiza pa kutentha kwa masana. Pa mamak ndi m'malo a Amalay simupeza mowa.

Kodi chakudya cha pamsewu sichingandidwalitse?

Malamulo a ukhondo wa chakudya a mu 2009 amafuna kuti aliyense wogwira chakudya chogulitsa aphunzitsidwe ndi kubayidwa katemera wa tayifodi, ndipo makhonsolo amayendera malo odyera n'kupereka giredi A, B kapena C imene imamatidwa poonekera. Kuyambira mu Januwale 2019 kusuta fodya n'koletsedwa m'malo onse odyera, kuphatikizapo a panja. Komabe maso anu ndi amene angakutetezeni kwambiri. Sankhani ngolo imene pali mzere wa eni dera, chifukwa pamenepo chakudya sichigona, ndipo chimene chakazingidwa inu mukuona n'chodalirika kuposa chimene chakhala m'beseni kuyambira m'mawa m'dziko lotentha chonchi. Nkhono za mu char kway teow ndi mu curry laksa nthawi zambiri zimangopsa pang'ono, ndipo wa m'mimba mosachedwa kuvuta angapemphe kuti asamuikire. Ayisi wa m'matauni amachokera ku mafakitale. M'mashopu ena a Atchaina amabweretsa kabeseni ka madzi otentha kuti muviikemo supuni ndi timitengo todyera musanayambe. Yendani ndi timapepala topukutira m'thumba, chifukwa malo ambiri sapereka.

Kodi ndidye ndi manja, supuni kapena timitengo?

Zonse zitatu zimagwira ntchito, malinga ndi chakudya. Amalay ndi Amwenye ambiri amadya mpunga ndi dzanja lamanja, ndipo pamakhala posambira m'manja chakumbuyo kwa shopu kapena ketulo ya madzi pa tebulo. Dzanja lamanzere musadyere, ndipo musaperekere kapena kulandirira chinthu. Ena amagwira supuni kumanja ndi foloko kumanzere, foloko ikungokankhira chakudya pa supuni. Timitengo ndi ta ma noodles, ndipo musatizike chiriri m'mbale ya mpunga chifukwa kwa Atchaina zimenezo zimakumbutsa mwambo wa maliro. Mukamaliza kudya mpunga wa pa tsamba la nthochi, pindani tsambalo molozetsa kwa inu, posonyeza kuti mwakhutira.

Kodi nthawi yabwino yopita ndi iti?

Wophika aliyense ali ndi nthawi yake. Ogulitsa nasi lemak ndi ma kopitiam ambiri amayamba m'mamawa, ndipo otchuka amatseka chakudya chikangotha, nthawi zina dzuwa lisanafike pamutu. Ogulitsa satay ndi nsomba zowotcha amayamba madzulo. Ambiri ali ndi tsiku limodzi lopuma pa sabata, mashopu a Atchaina amatseka masiku angapo pa Chaka Chatsopano cha Chitchaina, ndipo Lachisanu masana mabenchi ena a Asilamu amaima kaye chifukwa cha mapemphero, makamaka ku Kelantan ndi ku Terengganu kumene Lachisanu ndi tsiku lopuma. M'mwezi wa Ramadan malo ambiri a Amalay satsegula masana, koma chakumadzulo kumakhala misika yapadera ya zakudya imene anthu a zipembedzo zonse amapitako kukagula. Amene si Asilamu amaloledwa kudya masana, ngakhale kuti ndi ulemu kusadya moonetsera pamaso pa osala.

Kodi ndipite ku misewu yotchuka ija, kapena ndifunefune malo ena?

Jalan Alor ku Bukit Bintang mu Kuala Lumpur, Gurney Drive ndi Chulia Street ku Penang, ndi Jonker Street ku Melaka ndi malo abwino kwa mlendo wa usiku woyamba, chifukwa zakudya zambiri zili pamodzi ndipo menyu ili ndi zithunzi. Koma mitengo ya m'misewu yotere imaganizira alendo, ndipo malo amene menyu yake ili ndi zakudya zosawerengeka sangaphike zonse bwino. Mukazolowera, pitani kumene chakudya chilichonse chili kwawo: Kampung Baru mu Kuala Lumpur pa zakudya za Amalay, Kajang pa satay, Air Itam ku Penang pa asam laksa, Ipoh pa khofi woyera ndi nkhuku ya nyemba zophukira. Buku la Michelin linayamba kuunika malo odyera a ku Kuala Lumpur ndi ku Penang kumapeto kwa 2022, ndipo mndandanda wake wa Bib Gourmand uli ndi malo otsika mtengo angapo, koma malo akangotchulidwamo mzere umatalika. Dalaivala wa takisi, mnzanu wa m'kalasi kapena mlonda wa pa nyumba imene mukugona angakulozereni kopitiam ya m'dera lawo imene alendo saidziwa, ndipo anthu a ku Malaysia amasangalala kufunsidwa za chakudya.

Kodi munthu wozolowera nsima angakhute?

Nsima simuipeza m'malo amenewa, koma mpunga ndi wochuluka, ndipo mukati tambah nasi amakuwonjezerani pa mtengo wochepa. Pa nasi kandar pamapezeka therere lobala, pa mabenchi a Amalay pamapezeka masamba a chinangwa, ndipo chakumadzulo m'mbali mwa msewu amakazinga nthochi ndi mbatata.

Nanga zotsekemera, ndipo kodi ndingatengere chakudya kunyumba?

Masana kukatentha anthu amafuna cendol, mbale ya ayisi wopala wothira mkaka wa kokonati, timizere tobiriwira ta ufa wa mpunga, nyemba zofiira ndi shuga wakuda wa mtengo wa kanjedza wotchedwa gula Melaka. Ais kacang ndi phiri la ayisi wopala lothira manyuchi amitundumitundu, chimanga ndi nyemba. Palinso kuih, timakeke ta ufa wa mpunga ndi kokonati, ndi apam balik, chikondamoyo chopinda chokhala ndi mtedza wosinja ndi shuga mkati.

Chilichonse mwa zimenezi mungatenge kupita nacho mukanena kuti bungkus, kapena tapau m'malo a Atchaina. Zakumwa amazithira m'kathumba kapulasitiki komanga ndi chingwe n'kubayamo kapaipi. Ngati mukutenga ma noodles a msuzi, nenani kuti kuah asing kuti msuziwo aumange padera, apo ayi mukafika atafewa n'kumatirirana. Char kway teow ndi roti canai zimakoma zikangochoka pa moto, choncho zimenezo ndi bwino kudyera pomwepo. Chipatso cha durian mudyere pa benchi pamene mwachigulapo, chifukwa mahotela ambiri ndi masitima a m'tauni saloleza kulowa nacho kaamba ka fungo lake.